Liwiro Likalowa M'galimoto, Limatulukira Kuti?

Nkhani yophunzitsa yokambidwa kwa ophunzira a sekondale, aphunzitsi, makolo ndi anyamata a kabaza kwa Kapondo, m'boma la Mchinji

 

Ndiyambe ndi zimene zidandichitikira ndili mnyamata wa ku pulayimale. Tsiku lina amalume adamanga matumba awiri a chimanga pa njinga yakapalasa, ulendo wa kuchigayo, ine ndikuthamanga pambuyo. Njira yake inkatsika pang'onopang'ono kulowera kudambo. Adagwira mabuleki kuyambira pamwamba, njinga ikulira kwii, kwii, mpaka adakaima titawoloka kamlatho kamitengo. Nditawapeza ndikupuma wefuwefu, adandikodola nati, "Mphwanga, tagwira apa." Ndidakhudza chitsulo cha gudumu lakumbuyo, pamene timalabala ta mabuleki timafinya, ndipo ndidachotsa chala msangamsanga. Chinali chotentha ngati chivundikiro cha poto. Panalibe moto, kunali m'mawa wa mwezi wa Juni, mame ali mbuu pa udzu. Amalume adangoti njinga yatopa. Funso la kumene kutenthako kudachokera ndidakhala nalo zaka zambiri, ndipo yankho lake ndi limene ndabwera nalo lero.

Tisanapite patali tigwirizane za mawu. Chichewa chathu chimati "mphamvu" pa zinthu zingapo zimene sayansi imazisiyanitsa. M'buku lanu la Physics muli mawu akuti force ndi energy. Lero force ndiziti mphamvu yokankha, kutanthauza kukankha kapena kukoka kumene chinthu chikuchita pa chinzake panthawi imeneyo, ndipo timaiyeza m'ma newton. Thumba la shuga la kilogalamu imodzi likakhala padzanja panu limakankhira dzanjalo pansi ndi ma newton pafupifupi 10. Energy ndiziti nyonga, chinthu chimene chimasungika, kusamuka ndi kusintha maonekedwe koma osatha, ndipo timaiyeza m'ma joule. Nyonga imene chinthu chili nayo chifukwa choti chikuyenda, imene buku limati kinetic energy, ndiziti nyonga ya liwiro.

Mawu achitatu ndi ntchito. Apa makolo mundikhululukire, chifukwa sayansi ili ndi tanthauzo lopapatiza kuposa lathu. Mayi atasenza ndowa ya madzi n'kuima pamalo amodzi kudikira mnzake, khosi limawawa ndithu, koma pa ndowayo palibe ntchito imene ikuchitika. Ntchito imakhalapo pamene mphamvu yokankha yasuntha chinthu mtunda wina wake motsata mbali imene ikukankhira. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mphamvu yokankha kuchulukitsa ndi mtunda, W = F × d. Ng'ombe ziwiri zikakoka ngolo ya mtedza ndi ma newton 800 pa mtunda wa mamita 100, zagwira ntchito ya ma joule 80,000.

Ndiye taganizirani ngolo yomweyo ili pa msewu wafumbi, ikuyenda mwakachetechete, osawonjeza liwiro, osachepetsa. Ng'ombe zikutuluka thovu kukamwa, ntchito zikugwira, nanga bwanji ngolo sikuthamangirathamangira? Chifukwa mchenga ndi kukhulana kwa zitsulo za m'magudumu zikukokera m'mbuyo ndi ma newton 800 omwewo. Ng'ombe zikuikamo ma joule 80,000, msewu ukuchotsamo ma joule 80,000, chotsala palibe. Ana anga, pano ndi pamene ambiri mumagwera pa mayeso a MSCE. Mumawerengera ntchito ya injini yokha n'kuiwala zonse zokokera m'mbuyo. Lamulo limene tikuphunzira lero limanena za ntchito yotsala, mutawonkhetsa za mphamvu zonse zokankhira kutsogolo n'kuchotsera za mphamvu zonse zokokera m'mbuyo.

Lamulolo likuti: ntchito yotsala imene yachitika pa chinthu ndi yofanana ndi kusintha kwa nyonga yake ya liwiro. Nyonga ya liwiro ndi theka la kulemera kwa chinthucho m'makilogalamu, kuchulukitsa ndi liwiro, kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo: ½mv². Silochokera kumwamba lamuloli, mungathe kulitulutsa nokha kuchokera pa zimene mudaphunzira kale. Mukudziwa kuti F = ma, lamulo lachiwiri la Isaac Newton. Mukudziwanso kuti v² = u² + 2as. Chulukitsani mbali zonse za chiwerengero chachiwirichi ndi theka la m, mupeza ½mv² − ½mu² = mas. Koma ma ndi F. Choncho F × s = ½mv² − ½mu². Mizere itatu basi. Kumanzere kuli ntchito, kumanja kuli kusintha kwa nyonga ya liwiro.

Kanambala kakang'ono kali pamwamba pa v kaja, ka 2, ndi kamene ndikufuna muchoke nako pano. Kadavutitsa anthu ophunzira kwa zaka zambiri. Ena ankati nyonga ya chinthu choyenda imakula molingana ndi liwiro: liwiro kawiri, nyonga kawiri. Gottfried Leibniz wa ku Germany ankatsutsa, nati liwiro liyenera kudzichulukitsa lokha. Munthu wina wa ku Leiden, m'dziko la Netherlands, Willem 's Gravesande, adaganiza zofunsa dothi m'malo mokangana ndi anthu. M'chaka cha 1722 adalemba zimene adapeza pogwetsera mipira ya chitsulo cha brass pa dongo lofewa: mpira wofika ndi liwiro kawiri unkasiya dzenje lalikulu kanayi, wofika ndi liwiro katatu unkasiya dzenje lalikulu kasanu ndi kanayi. Mayi wina wa ku France, Émilie du Châtelet, adatenga zimenezi n'kuzifotokoza bwino m'buku lake la mu 1740, pa nthawi imene akazi sankaloledwa kukhala mamembala a bungwe la akatswiri a sayansi ku Paris. Atsikana muli panonu, dzina limenelo mulisunge. Theka lija, komanso tanthauzo la ntchito limene tikugwiritsa lero, zidakhazikika ndi Gaspard-Gustave de Coriolis mu 1829, pamene ankafufuza za kagwiridwe ntchito ka makina.

Zimene adachita 's Gravesande mungazichite Loweruka likubwerali. Katapeni dongo la kudambo limene amayi amaumbira miphika, mulikande bwino, muliike m'beseni. Tengani kachitsulo kolemera, kagwetseni kuchokera pa masentimita 25, kenako kuchokera pa mita imodzi. Kukwera kanayi kumapereka liwiro kawiri. Thirani madzi ndi sipuni m'maenje awiriwo, muwerenge kuti lililonse lamwa masipuni angati.

Kwa makolo amene masamu a zilembo akuchulukirani, chifukwa chake chingamveke chonchi. Galimoto ikamathamanga kawiri, mabuleki amafunika nthawi yowirikiza kawiri kuti ayimitse. Koma m'nthawi yowirikiza kawiriyo, galimoto ikudyanso msewu mofulumira kawiri. Kawiri ka nthawi, kawiri ka liwiro, mtunda ukhala kanayi.

Tsopano tikwere minibasi. Tiyerekeze yadzaza anthu ndi katundu pa Kamwendo, ikulowera ku Lilongwe pa msewu wa M12, ndipo yonse pamodzi ikulemera makilogalamu 2,500. Choyamba sinthani liwiro likhale m'mamita pa sekondi: gawani makilomita pa ola ndi 3.6. Makilomita 36 pa ola ndi mamita 10 pa sekondi, 72 ndi mamita 20, ndipo 108 ndi mamita 30. Pa 36, nyonga ya liwiro ndi theka la 2,500 kuchulukitsa ndi 100, ma joule 125,000. Pa 72 ndi ma joule 500,000. Pa 108 ndi ma joule 1,125,000.

Yang'anitsitsani manambala amenewa. Kuchoka poima kufika pa 36 kwadya ma joule 125,000. Kuwonjezera 36 wina kwadya 375,000. Kuwonjezera 36 wachitatu kwadya 625,000. Muvi wa pa wotchi ya liwiro wayenda masitepe atatu ofanana, koma sitepe lachitatu lakwera mtengo kasanu kuposa loyamba. Dalaivala saona zimenezi. Iye amaona muvi ukusuntha pang'ono, amamva mphepo pawindo, wailesi ikuimba. Nyonga imene wasenza sioneka ndi maso, ndipo palibe chiwalo m'thupi mwathu chimene chimaimva mpaka nthawi yoti ichotsedwe itakwana.

Nyongayo yachokera ku mafuta. Lita imodzi ya petulo imasunga ma joule oposa 30 miliyoni, koma injini imafikitsa ku matayala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, zotsalazo zimatuluka ngati kutentha ndi utsi. Choncho kuti minibasi yathu ifike pa 72 kuchoka poima, pamapsa petulo wokwana masipuni aakulu anayi, osawerengera wolimbana ndi mphepo ndi msewu. Ikaima kuti itsitse munthu mmodzi, masipuni anayi aja apita. Ikaima ndi kunyamuka motero makumi atatu pa ulendo umodzi, ndi malita pafupifupi awiri. Eni galimoto amadziwa zimenezi m'thumba ngakhale sadaziphunzire m'kalasi.

Nanga ikaima, ma joule 500,000 aja apita kuti? Apa ndi pamene gudumu la amalume limayankha. James Prescott Joule, mwana wa wofulula mowa wa ku Salford pafupi ndi Manchester, amene dzina lake tidatchulira muyeso wa nyonga, adatha zaka za m'ma 1840 akuyesa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Ankamangirira zitsulo zolemera ku chingwe, zitsulozo zikamatsika zinkazunguza zopalasira m'chidebe cha madzi, ndipo iye ankayeza kuti madziwo afunda bwanji. Adapeza kuti ntchito yofanana imabala kutentha kofanana nthawi zonse. Lero tikudziwa kuti kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi kumafuna ma joule pafupifupi 4,200. Ndiye ma joule 500,000 a minibasi ija angatenge madzi a pachitsime okwana lita imodzi ndi theka n'kuwafikitsa powira. Kutentha konseko kumalowa m'zitsulo za mabuleki ndi m'matayala m'masekondi atatu. Mabuleki ndi mbaula yosandutsa liwiro kukhala kutentha. Njinga ya amalume sidatope. Nyonga ya munthu, njinga ndi matumba awiri, yotsika nayo kuchokera pamtunda, idasonkhana pa chitsulo chija.

Tsopano tiwerengere mtunda woimira, pakuti apa ndi pamene lamuloli limakhudza moyo wa munthu. Chimene chimaimitsa galimoto ndi msewu, pokanirira matayala. Mabuleki amangogwira gudumu. Msewu sungakanirire mopitirira malire ake, ndipo malirewo ndi kulemera kwa galimoto kuchulukitsa ndi kanambala kosonyeza kugwirana kwa tayala ndi msewu, kamene buku limakalemba μ. Pa tala wouma ndi matayala abwino, kanambalako kamakhala cha m'ma 0.7. Pa msewu wafumbi wokhala ndi timiyala tosereka tingatenge 0.4. Pa matope a mwezi wa Januwale kamatsika kuposa pamenepo. Minibasi yathu imapondereza msewu ndi ma newton pafupifupi 25,000. Pa tala, msewu ungakanirire ndi ma newton 17,500. Lamulo likuti F × d ikhale yofanana ndi nyonga yonse yoyenera kuchotsedwa. Pa 72, gawani 500,000 ndi 17,500, mupeza mamita pafupifupi 29. Pa 36 ndi mamita 7 okha. Pa 108 ndi mamita 64. Pa msewu wafumbi ngati yambiri ya kuno kwathu, minibasi ya pa 72 ija ifuna mamita 50, theka la bwalo la mpira.

Ndipo manambala amenewa akuyambira pamene phazi laponda kale buleki. Diso liyenera kuona, mutu uzindikire, mwendo unyamuke. Kwa munthu watcheru zimenezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi. Wotopa, woledzera kapena wogwira foni amatenga yoposerapo. M'sekondi imeneyo galimoto ya pa 72 yadya kale mamita 20 liwiro lisanatsike n'komwe.

Pano ndiima pang'ono, chifukwa chitsanzo chotsatirachi ndi chimene chidandisintha ine mayendetsedwe. Pa malo ochitira malonda mumaona chikwangwani cha 50. Tiyerekeze galimoto ziwiri zofanana zili moyandikana, ina pa 50, ina pa 70. Mwana watulukira kuseri kwa lole yoima, akuthamangira mbuzi. Madalaivala onse awiri aponda mabuleki pamalo amodzi. Wa 50 waima, bampala itatsala pang'ono kukhudza malaya a mwanayo. Funso: wa 70 pofika pamalo omwewo ali pa liwiro lanji? Ndikafunsa m'kalasi, pafupifupi onse amati 20, chifukwa 70 kuchotsera 50 ndi 20. Si choncho. Mabuleki sachotsa liwiro pa mita iliyonse, amachotsa nyonga. 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900. 50 kuchulukitsa ndi 50 ndi 2,500. Pa mtunda umenewo mabuleki achotsa 2,500, patsala 2,400. Nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka 2,400 ndi 49. Galimoto yachiwiri igunda mwanayo pa makilomita 49 pa ola, ngati kuti dalaivala wa pa 50 sadaponde buleki n'komwe.

Tikaphatikizapo sekondi ija yoganizira, zimaipiraipira. Wa 50 adya mamita 14 akuganiza, ena 14 akuima, onse pamodzi 28. Wa 70 adya mamita 19 akuganiza, ena 27 akuima, onse pamodzi 46. Pofika pa mamita 28 pamene mnzake waima, iye akadali pa makilomita pafupifupi 58 pa ola. Dalaivala wa 70 sadzimva kuti ndi wothamanga. Akadafunsidwa akadati, "Ndimangoyenda bwinobwino." Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mwana wothamangira mbuzi saimbanso ng'oma. Bungwe la World Health Organization, mu lipoti lake la 2023, lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Amenewo ndi msinkhu wa ambiri mwa inu mwakhala pa mabenchi apa.

Wina wa Fomu 4 wochenjera andifunsa kuti: aphunzitsi, mukalemba μmg × d = ½mv², m ali mbali zonse, ndiye afafanizika. Kodi zikutanthauza kuti kulongeza katundu wambiri kulibe vuto? Funso labwino, ndipo pa mayeso mufafanizedi m, mupeze d = v² ÷ 2μg. Galimoto yolemera ili ndi nyonga yambiri, komanso imapondereza msewu kwambiri, choncho msewu umaigwira kwambiri. Koma masamu amenewo akuganiza kuti mabuleki ali ndi mphamvu yofikitsa matayala pa malire a msewu. Pa galimoto yolongeza mopyola muyeso, chimene chimayamba kulephera ndi mabuleki, osati msewu. Mabuleki adapangidwira kulemera kwina kwake. Mphamvu yawo ikafika pamapeto, F saonjezekanso, ndipo katundu aliyense wowonjezera amatalikitsa d. Njinga yamoto yopangidwira anthu awiri ikanyamula anthu atatu ndi thumba la soya, timabuleki take n'tomwe tija, koma nyonga yoti tichotse yakula ndi theka kapena kuposa. Aliyense amene adakwezapo matumba awiri a fetereza pa njinga yakapalasa akudziwa kuti zala zimafinya mpaka kuwawa njinga ikungopitabe.

Pa chitsikiro nkhani imakula. Mathiraki amene amalowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Mwami kuchokera ku Chipata amadutsa dera lathu lino losakwera kwambiri, koma ena amakafika ku zitsikiro ngati Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, kapena Chiweta kumpoto. Thiraki ya matani 30 ikatsika mamita 100 kuchokera pamwamba, dziko lapansi poikoka lagwira ntchito ya mgh: 30,000 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsa ndi 100, ma joule 30 miliyoni. Kuti liwiro lisakwere, ntchito yotsala iyenera kukhala ziro, kutanthauza kuti china chake chiyenera kumeza ma joule onsewo. Ndi kutentha kokwanira kuwiritsa ndowa pafupifupi zisanu za malita 20. Dalaivala akadalira phazi lokha, zitsulo za mabuleki zimatentha mpaka kuleka kugwira, ndipo m'pamene timamva kuti mabuleki anaduka. Kawirikawiri palibe chimene chaduka, apsa. N'chifukwa chake dalaivala wodziwa amaika giya yaikulu mphamvu asanayambe kutsika, kuti injini imeze gawo la nyongayo. Ndipo n'chifukwa chake ndimadana nacho chizolowezi chochotsa giya kapena kuzimitsa injini pa chitsikiro pofuna kupulumutsa mafuta. Achimwene a kabaza, ndikudziwa mafuta ndi odula ndipo nthawi zina amasowa, ndikudziwanso kuti mwini njinga akudikira ndalama yake madzulo. Koma mukatero mwachotsa mmodzi mwa awiri amene amakuthandizani kumeza nyonga, n'kusiyira katundu yense timalabala tiwiri.

Mgh yomweyi imatipatsa njira yomvetsera liwiro ndi thupi. Yerekezani ½mv² ndi mgh, mupeza h = v² ÷ 2g. Kugunda chinthu chosasuntha pa makilomita 36 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa mamita 5, pamwamba pa mtengo wa mango. Pa 54, liwiro limene njinga yamoto imafika mosavuta pa msewu wafumbi wosalala, ndi mamita 11. Pa 72 ndi mamita 20, nyumba yosanjikiza kasanu ndi kamodzi. Palibe mayi angalole mwana wake kukhala pa nthambi ya mamita 11 osagwira kanthu, koma timawakweza ana pa thanki ya njinga yamoto tsiku ndi tsiku.

Ngozi ikachitika, lamulo lomweli limagwirabe ntchito, kungoti timalitembenuza: F = nyonga ÷ d. Nyonga ilipo kale, siingachepetsedwe panthawiyo. Chotsala m'manja mwathu ndi d, mtunda umene thupi liimire. Munthu wa makilogalamu 60 pa mamita 15 pa sekondi ali ndi ma joule 6,750. Akaima pa masentimita 5, monga pogunda mtengo wa bulugama, mphamvu yomukankha ndi ma newton 135,000. Akaima pa masentimita 50 ndi ma newton 13,500, kuchepa kakhumi. Nzeru zonse zotetezera anthu m'galimoto zagona pa kutalikitsa d. Kutsogolo kwa galimoto zamakono kudapangidwa dala kuti kuzifwanyika. Anthu amati galimoto za masiku ano ndi zapepala, zakale zinali zolimba. Galimoto yolimba imaima pa mtunda waufupi, ndipo mphamvu yonse imafika kwa anthu ali m'katimo. Lamba wa pampando, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin adapangira kampani ya Volvo ku Sweden mu 1959, amakumangirirani ku galimoto kuti muime nayo limodzi pa mtunda wonse umene ikufwanyika. Wopanda lamba amapitirira ndi liwiro lake lonse mpaka akakumane ndi galasi, pamenepo d ndi masentimita ochepa.

Chisoti cha njinga yamoto n'chimodzimodzi. Chigoba chakunja si chimene chimapulumutsa kwenikweni, koma chofewa choyera chili m'katimo, chokhuthala ngati zala ziwiri. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Ukagunda pansi pa mamita 5 pa sekondi, uli ndi ma joule 62 ndi theka. Popanda chisoti ungaime pa mamilimita 5, mphamvu yake ma newton 12,500. Chofewa chija chikafinyika masentimita awiri ndi theka, mphamvu itsika kufika ma newton 2,500. Chisoti chopanda chofewa m'kati, kapena cha ogwira ntchito yomanga, sichichita zimenezi. Chosamanga lamba wa pachibwano chimauluka mutu usanafike pansi. Ndipo chimene chidagundapo kale kwambiri chidafinyika kale, d wake adatha ngakhale kunja chikuwala. Wokwera kumbuyo mutu wake ndi wolemera chimodzimodzi ndi wa woyendetsa, choncho pa njinga pamafunika zisoti ziwiri.

Ana anga a Fomu 4, lamuloli lingathenso kuwerenga zimene zachitika kale. Matayala akakhukhuluzika pa tala amasiya mizere yakuda. Mukayeza kutalika kwa mizereyo, v² = 2μgd ikuuzani liwiro limene galimoto inali nalo poyamba kukhukhuluzika. Mizere ya mamita 35 pa tala wouma: 2 kuchulukitsa ndi 0.7, ndi 10, ndi 35, mupeza 490. Nambala yodzichulukitsa yokha kupereka 490 ndi 22, mamita 22 pa sekondi, makilomita pafupifupi 80 pa ola. Ofufuza ngozi amagwiritsa ntchito masamu omwewa. Pa mayeso, musanalembe nambala iliyonse, jambulani galimotoyo, ikani mivi ya mphamvu zonse, lembani nyonga ya poyamba ndi ya pomaliza, ndipo musaiwale kusintha makilomita pa ola kukhala mamita pa sekondi. Ndaona ophunzira ambiri odziwa bwino lamuloli akutaya malikisi chifukwa cha 3.6 yekhayo.

Amfumu, ndili ndi pempho kwa inu ndi makomiti a sukulu. Mukamakambirana ndi akuluakulu a za misewu zoika zikwangwani kapena mahampu pafupi ndi sukulu ndi misika, pitani ndi manambala. Pa msewu wafumbi, woyendetsa pa 50 amafuna mamita 38 kuti aime, wa pa 70 amafuna mamita 67, wa pa 30 amafuna mamita 17 okha. Yezani mtunda kuchokera pamene woyendetsa amayamba kuona chipata cha sukulu kufika pa chipatacho. Ngati udzu wa m'mbali mwa msewu, chimanga chodzalidwa mpaka m'ngalande kapena benchi ya malonda zikubisa ana mpaka mamita 20, mwadziwa liwiro limene malowo angalole, ndipo mwadziwanso pamene zikwanje ziyenera kukagwira ntchito.

Tsopano tituluke tonse tipite pabwalo la mpira. Ndabweretsa chingwe choyezera ndi phulusa m'chitini. Tijambula mzere umodzi poyambira, wachiwiri pa mamita 28, wachitatu pa mamita 46. Ndikufuna mwana mmodzi wa Fomu 1 akaime pa mzere wa 28, ndipo achimwene a kabaza muyende wapansi kuchokera poyambira, mumudutse, mpaka mukafike pa mzere wa 46, mukuwerenga mapazi anu mokweza.